Boti la Malita Lagona Kuti?

Mu msika wa Mwanza, zaka zija munthu sunkalowa pageti usanaonetse khadi la chipani, munali mayi wina wogulitsa nsomba zouma amene tonse tinkamutcha Mayi a Boti. Dzina lake anali Malita, kwawo kwa Nthache. Nyanja anali asanaioneko chibadwire. Madzi aakulu amene ankawadziwa anali a mtsinje ukadzaza m'dzinja, ndipo ngakhale amenewo ankawoloka atagwira munthu mkono, atatsinzina. Koma ukamufunsa kuti boti la Tiyamike lagona kuti lero, yankho linkabwera msanga kuposa ukamufunsa mtengo wa utaka.

Ine ndine Kulusumu. Ndinkagulitsa tiyi ndi mandasi moyandikana ndi benchi lake, moti fungo la nsomba zake linkalowa m'mandasi anga, nkhani zake n'kumalowa m'makutu mwanga. Iye wa kutchalitchi, ine wa kumzikiti, koma tinkasungirana malo ndi ana ngati a mimba imodzi. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sitinkamvana: mwamuna wake, a Laston.

A Laston anali mkamwini kwa Nthache, ndipo ndinene mosabisa, anali mkamwini wochititsa manyazi. Akalima mizere iwiri ankaima, kutsamira khasu, n'kuyamba kufotokozera apongozi awo mmene azungu amalimira ku Halale, kumene iwo sanapondeko n'komwe. Mulungu anawapatsa zinthu ziwiri basi, pakamwa ndi zala. Pakamwapo ine ndinalibe napo ntchito, koma zalazo ndiye ndinkazilemekeza.

Kwathu kuno thumba la makala silithera pamene pathera thumba. Amazika timitengo m'mbali mwa kukamwa kwake, n'kuunjika makala ena pamwamba, kenako n'kuluka luzi kuti asagwe, thumba n'kuoneka ngati lavala chipewa. Aliyense wa kwa Nthache amatha kuluka chipewa chimenechi, koma cha a Laston chinali china. Maso ake ankakhala olingana bwinobwino, ndipo pomaliza ankamanga mfundo yawoyawo, yokhala ndi timakutu tiwiri toimirira, timene anthu ankati makutu a mbuzi. Njinga inkatha kugwa nalo thumba pamtsetse, kugubuduzika mpaka kudambo, khala ndi limodzi lomwe osatayika.

Tsiku lina dalaivala wa lole ya nsomba anaima pamsewu kugula makala, anatembenuza thumba, anayang'ana chipewa, n'kunena kuti, "Achimwene, zala izi mukuzitaya ndi makala. Kunyanja anthu akusowa osoka khoka." A Laston, amene ankangofuna pothawira khasu, anakwera lole yomweyo pobwerera. Mwana wawo Deliwe n'kuti akukwawa.

Ntchito anakaipeza pa boti la injini lokoka khoka, la bwana wina wa ku Limbe, dzina lake Tiyamike. Kumudzi ankabwera kamodzi pachaka, mvula ikayamba, atanyamula sopo, chitenje ndi mabodza atsopano. Ankadzakhala pa benchi langa, kapu ya tiyi m'manja, msika wonse utawazungulira.

"Mlamu, boti limenelo mutaliika muno, mutu ukhala pageti la msika, mchira ukakhala kuchipatala."

"Kuchipatala kwenikweni, alamu?" ndinkafunsa ine.

"Shuwa! Kapitawo akafuna kundiitana ndili kumchira, amachita kutuma munthu pa njinga."

Anthu ankaseka chikhakhali, koma Malita sankaseka. Ankamvetsera ngati ali mu tchalitchi, ndipo anthu akabalalika ankapitiriza kufunsa. Ndi la mtundu wanji? Labuluu, mzere woyera m'chiuno. Mumagona angati? Injini yake njotani? Pamenepa a Laston ankatsitsa mawu, n'kuvomera kuti injiniyo anachita kuchotsa m'lole yakale, ndipo m'mawa imayamba yatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe isanalire bwino. Malita akapanikizabe, ankaulula kuti paipi ya utsi inabooka, anaiphatika ndi debe la palafini, komanso inapindikira kumanzere tsiku limene anagundana ndi boti linzake. Zimenezi ankazinena mothamanga, maso ali kwina, n'kubwereranso ku njinga ya kapitawo.

Onse awiri sukulu anaionera pawindo, choncho anali ndi njira yawoyawo youzirana kuti ali moyo. Ogwira ntchito pa boti ankapatsidwa nsomba za ndiwo nthawi iliyonse likakocheza. A Laston ankayanika zawo, zikachuluka n'kudzaza mtanga, n'kuuveka chipewa cha makala chija, makutu a mbuzi ali njo pamwamba. Amalonda a nsomba onse, kuyambira kunyanja mpaka mu msika wa Limbe, anazolowera kuti mtanga wovala chipewa ngwa ku Mwanza. Unkadutsa m'manja ambiri mpaka kufika kwa a Saiti, achimwene a amuna anga, amene anali ndi lole yotuta nsomba. Iwo ankadzautsitsa pa benchi la Malita, ndipo geni yake inayamba choncho.

Mtanga ukafika, Malita sankathamangira kugulitsa. Ankayamba wasisita chipewa, kukoka timakutu tija kuti amve kulimba kwake, n'kunena kuti, "Ali bwino, akudya." Kenako a Saiti aone zakuda ndi mafunso. Mwaulandira kwa ndani? Iyeyo wautenga doko liti? Botilo analiona likulowa kapena likutuluka? Akamasula mtanga, nsombazo zinkamuuza zotsala. Chisawasawa chikachuluka ankati ali kumadzi osaya cha ku Mangochi, ikakhala ndunduma ndiye kuti apita pakatikati. Zimenezi anaphunzira kwa amalonda, pang'onopang'ono, powanyengerera ndi mandasi anga.

Pa thabwa la benchi lake anakhomapo misomali, uliwonse ndi doko lake: uwu Namiyasi, uwu Malembo, uwo Makanjira. Boti linali kachitsekerero ka botolo koboola pakati, kamene ankakakoleka pa msomali wa kumene wamva kuti Tiyamike lili. Msika wonse unazolowera. Ogulitsa tomato akamadutsa m'mawa, m'malo mwa moni ankati, "Mayi a Boti, lagona kuti lero?" Ngakhale ayufi, anyamata a chipani ofunsa makadi pageti, amene sankaseka ndi munthu, tsiku lina anamufunsa ngati botilo lili ndi khadi.

"Lili nalo, achimwene," anatero Malita, "kungoti linanyowa."

Zinayenda choncho mpaka Deliwe anayamba sukulu. Ndiye chaka chimene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anayamba kudzaza paboma, mvula inagwa a Laston osabwera. Mtanga nawo zii. Chimanga chinamera, chinamasula, anthu anakolola, kachitsekerero kaja n'kuchita dzimbiri pa msomali wa Namiyasi. A Saiti anafunsa m'madoko onse amene ankafika, koma panalibe amene analionanso Tiyamike. Ena ankati linamira, ena ankati bwana wake analigulitsa. Malita ankangoti likanamira wailesi ikananena.

Manachesi atangoyamba kufika mumsika, kunabwera a Mateyu, atsibweni a Malita, mwini mbumba. Sanali munthu wankhanza ayi. Anali mdala wanthabwala, woweta mbuzi, koma tsiku limenelo anatsamiritsa njinga pa benchi langa ali wotopa, ndipo tiyi amene ndinawapatsa anazizira m'manja.

"Iwe Malita, munda wako ndikulima ndine. Denga lako ndikufolera ndine. Msana wangawu watha, mwana wa mlongo wanga. Mwamuna uja watchona, ndipo ankhoswe a kwawo nawonso agwira njakata. Manachesi akatha mumsika muno tikhala pansi, timasule ukwati umenewu, uyambe moyo wina."

Moyo winawo tonse tinkaudziwa dzina. A Langton a chigayo, amene akazi awo anamwalira, anali atayamba kugula utaka tsiku ndi tsiku, chikhalirecho pakhomo pawo nkhuku zinali mbwee. Ine ndinali mbali ya a Langton, ndipo ndinanena poyera. Chigayo sichiyandama, sichisintha doko, ukachisiya m'mawa umachipeza pomwepo madzulo.

"Asisi, ine sindinasiyidwe," anandiyankha Malita. "Ndangosokonekera pamene boti lili."

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyang'ana milu ya manachesi ngati mmene wodwala amayang'anira botolo la mankhwala ake. Inali milu yaikulu, yofiira mbali yonse ya kumtunda kwa msika, koma ife a ku Mwanza timadziwa kuti manachesi sachedwa. Malita anasiya kudikira a Saiti okha. Akamva kuti kwabwera wapolisi wosamutsidwa kuchokera ku Mangochi, ali pomwepo. Namwino watsopano wa ku Nkhotakota, ali pomwepo. Masana ankandisiyira benchi n'kupita kumene kunkaima malole odikira asilikali owaperekeza njira ya ku Tete, n'kumayenda lole ndi lole. Funso lake linali limodzi: munaonako boti labuluu, dzina lake Tiyamike, lotalika kuchoka pageti la msika kukafika kuchipatala?

Madalaivala aja, anthu okhala padzuwa tsiku lonse opanda chochita, anapeza choseweretsa. Ankaitanizana kuti adzamve okha.

"Mayi, boti lotero likati litembenuke panyanja paja, mchira ungakagwetse nyumba ku Mozambiki!"

"Olo sitima yonyamula anthu ija siifika pamenepo, amayi. Amene anakuuzaniyo anamwa chiyani?"

Ankabwerako nkhope ili gwa, n'kukhala pansi kuyamba kusankha nsomba zimene anasankha kale. Zinkandipweteka kumuona akusekedwa chifukwa cha pakamwa pa munthu wina, ndipo tsiku lina mtima unandipsa.

"Asisi, mudzasekedwa mpaka liti? Amuna anu ndi abodza! Dziko lonse likudziwa, mbuzi za a Mateyu zomwe zikudziwa. Boti limenelo mwina kulibe n'komwe!"

Ndinkayesa akwiya, kapena alira. Ankangotembenuza kautaka m'manja, mpaka ndinayamba kuchita manyazi ndekha.

"Ndi abodza, inde," anatero pomaliza. "Ndagona nawo nyumba imodzi, ndikuwadziwa kuposa inu. Koma bodza lawo limapita mbali imodzi. Chinthu chabwino amachitalikitsa. Choipa sachitchula, ndipo ukachita kuwakoka pakamwa mpaka anene, chimenecho chimakhala choona. Za debe la palafini zija sananene mwa kufuna kwawo."

A Saiti, amene ankamwa tiyi pambali, anaonjezera kuti boti likagulitsidwa limachita ngati basi: mwini watsopano amalipaka penti wina, n'kulipatsa dzina lina. Malita anaomba m'manja kamodzi. Dzina analitaya pomwepo, mtundu anautaya, kutalika kuja anakutayanso. Anayamba kufunsa boti lake mmene timafunsira mbuzi yosochera, kutchula khutu long'ambika ndi mwendo wotsimphina. Munamvako boti lotsokomola m'mawa? Munaonako la paipi yopindikira kumanzere, yovala debe? Madalaivala anasiya kuseka, chifukwa funso lotere ndi la munthu wodziwa chimene akufuna, ndipo ena analonjeza kufunsa anzawo.

Milu ya manachesi inachepa. Aakulu otsekemera aja anatha, kunayamba kubwera ang'onoang'ono a makoko olimba, amene eni ake amachita kukwera kunsonga kuti awapeze. A Langton anagula malaya atsopano. A Mateyu akamadutsa pamsika ankalambalala mbali yathu.

Ndiye m'mawa wina a Saiti anaimitsa lole pageti, osazimitsa injini, n'kubwera chothamanga, chipewa chili m'manja.

"Mayi a Boti! Ku Chipoka kuli boti lobiriwira, akuliti Nyenyezi. Ndinakafika kumeneko chifukwa kumwera nsomba zavuta. M'mawa ndikutsuka mkamwa ndinangomva chifuwa, kho! kho! kho! Ndimayesa kuli agogo ena akutsirizika. Kuyang'ana, ndi boti. Paipi yake yapindikira kumanzere, yavala debe."

"Nanga bambo a Deliwe munawaona?"

A Saiti anakanda m'mutu. "Ndinafunsa. Anyamata a m'botimo anangoyang'anana, osandiyankha."

Chipoka panalibe pa thabwa la Malita. Anazula msomali pa benchi langa osapempha, anaukhoma ndi mwala kumtunda kwa inzake, n'kusamutsira kachitsekerero kadzimbiri kaja pamenepo. Kenako anati akwera lole ya a Saiti ulendo wotsatira.

Ine ndinati ndimuperekeza chifukwa ndili ndi abale ku Salima. Abalewo analipodi, koma chimene chinandikweza lole si iwo. Amuna akayang'anana osayankha, ine ndimadziwa kuti pali mkazi wachiwiri, ndipo Malita kutukwana sankatha. Ndinapita kukamuthandiza.

Deliwe tinamusiya kwa a Mateyu, makadi tinamangirira pa mfundo za zitenje chifukwa cha malodibuloko, n'kukwera pamwamba pa mitanga yopanda kanthu. Fumbi limene tinadya panjira imeneyo likanakwana kuumba njerwa za khitchini. Ku Chipoka tinafika dzuwa lili paliwombo. Ine nditaona madzi aja, opanda tsidya, ndinagwira mkono wa Malita. Malita anangowayang'ana kamodzi.

"Madzi onsewa angokhala, osathirira dimba ndi limodzi lomwe?" anatero, n'kuyamba kufunafuna boti.

Linali litakocheza pafupi, lobiriwira, matayala akale a galimoto akulendewera m'mbali. Paipi inalidi yopindikira kumanzere, debe lili pomwepo, lakuda ndi utsi. Koma kutalika! Kuchoka pa benchi lathu kukafika pa butchala ya a Mohamedi, ndipo a Mohamediwo tinkawaitana osakweza mawu. Njinga ya kapitawo ikanati iyende m'menemo, ikanagwera m'madzi asanapalase kawiri.

Malita analiyang'ana kumutu, analiyang'ana kumchira, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi mumchenga, anthu n'kumatiyang'ana. Kenako anadzuka, munthu woopa mtsinje uja, analowa m'madzi mpaka m'mawondo, chitenje chonse kunyowa, n'kukanda penti ndi chikhadabo. Pansi pa wobiriwira panatuluka wabuluu.

"Ndi lomweli, asisi," anatero, dzanja lili pa thabwa la boti. Misozi inali ikutsika, ndipo sindikudziwa ngati inali ya kuseka kuja.

Bambo wina wa m'botimo anasuzumira. Malita atatchula dzina la a Laston, bamboyo anavula chipewa.

"Mukufuna a Makala? Ndinu mayi a kunyumba?" Anayang'ana anzake, kenako analoza kumtunda. "Pitani kuseri kwa mathandala oyanikira nsomba. Eni akewo anatiletsa kunena, koma poti mwafika nokha."

Ine n'kuti nditanola kale lilime. Tinazungulira mathandala aja ndikuyembekeza kuona kamtsikana kopaka milomo. M'malo mwake tinapeza a Laston okha, ataonda, akutembenuza nsomba ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali m'thumba la jekete, jekete pa dzuwa limene lija. Pambali pawo panali mtanga wodzaza ndunduma, luzi likulendewera pamwamba, lopiringizana ngati aseweretsa ana.

Atationa anatsegula pakamwa. Chiwadziwireni munthu uja, kanali koyamba kuona pakamwa pawo patatseguka osatuluka kanthu.

"Bambo a Deliwe," anatero Malita, "tulutsani dzanjalo."

"Amake Deliwe, mwayenda bwanji? Kumudzi..."

"Tulutsani dzanja."

Analitulutsa. Panatsala chala chachikulu ndi chakumapeto. Zapakati zonse kunalibe, bala litapola kale. Anafotokoza akuyang'ana pansi kuti chingwe cha khoka chinawakola pa winchi, chigudumu chimene chimakoka khoka m'madzi, boti lisanagulitsidwe. Atatuluka m'chipatala anapeza boti lili ndi mwini wina, likusamukira ku Chipoka. Anzawo sanawataye. Anawatenga, n'kumawagawira nsomba za ndiwo, iwo n'kumawayang'anira zoyanika.

"Nanga osatumiza mtanga bwanji?" anafunsa Malita. "Anzanuwa akanakumangirani."

"Mtanga uwu ndadzaza, ndakhuthula, ndadzazanso, sindikudziwa kangati. Akanamanga wina, inu mukanangogwira mfundo n'kudziwa kuti zala kulibe. Ndayesa ndi mano, zikutuluka zimene mukuzionazi." Anakankha luzi lija ndi phazi. "Kwanu kuja ine ndinali ndi chiyani kupatula zala? Khasu linandikana kalekale. Ndibwere ndidzakhale pakhonde, ndizidya thukuta la atsibweni anu?"

Ndinamva chisoni, ndikuvomera. Ndinabwera ndi mawu odzaza dengu, ndipo panalibe woti ndimutukwane. Malita ndiye anapsa mtima, kupsa kumene ndinali ndisanamuonepo nako.

"Ndiye munaona kuti kuli bwino ndiziyesa munamira? Mwana azifunsa, ine ndizimuonetsa kachitsekerero ka botolo? Ndasekedwa ndi madalaivala a dziko lonse chifukwa cha boti lanu lofika kuchipatala! Ine ndinakwatiwa ndi zala kodi? Manachesi akutha kumudzi, bambo. Akangotha, atsibweni akumasula ukwati, andipereke kuchigayo."

A Laston anadzutsa mutu. "Kuchigayo? Kwa Langton?"

"Kwa a Langton, eya."

"Uja woyera ndi gaga mpaka m'makutu uja?"

"Agula malaya atsopano," ndinathira ndemanga ine, poti china choti ndithandize nacho panalibe.

Malita anagwada pambali pa mtanga, anamasula zopiringizana zija, n'kukulunga luzi kudzanja. "Nenani, ndidutsitse kuti."

A Laston anazengereza, kenako anagwada nawonso. Anapanikiza luzi ndi zala ziwiri zotsala zija, n'kuyamba kulangiza: pansi, kokani, ayi osati choncho, mubwerere, kokaninso. Mawu awo anayamba kubwerera pang'onopang'ono, mpaka anayamba kukalipa kuti akazi a kwa Nthache manja awo ngolimba ngati mipini. Malita anangoluka. Chipewa chinatuluka chopendekera mbali imodzi, maso ena aakulu oti nkhuku n'kudutsa, khutu lina lalitali, lina lalifupi.

"Mbuzi yanji imeneyi?" anafunsa a Laston.

"Yolumidwa ndi galu. Nyamulani mbali yanu, lole ikudikira."

Ku Mwanza tinapeza mumsika mutatsala kamulu kamodzi ka manachesi, kouma, ka mayi wina wa kwa Kanduku amene ankawodzera pambali pake. Ankhoswe anakhaladi pansi monga ananenera, koma mkamwini ali pomwepo pamphasa, Deliwe atamukhala pamwendo. A Mateyu anatenga dzanja lija, analitembenuza, anapukusa mutu.

"Pepani, akamwini. Koma tsono khasu mugwira bwanji?"

"Atsibweni," anatero Malita, "ali ndi zala zonse analigwirapo liti?"

A Mateyu anaseka mpaka kutsamwa, ankhoswe a mbali zonse nawo anaseka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mtanga wa makutu osalingana uja anaumasula tsiku lomwelo, anthu n'kudyera ndunduma. A Langton anasiya kudya utaka, anabwerera ku nkhuku zawo.

Kuyambira pamenepo a Laston ankakhala pa benchi la akazi awo, ndipo zinapezeka kuti pakamwa paja, pamene ine ndinkati palibe ntchito, pankagulitsa nsomba kuposa tonsefe. Munthu wobwera kudzagula mchere ankabwerera ndi chisawasawa, osadziwa kuti zachitika bwanji. Munda ankalipira aganyu ndi nsomba, msana wa a Mateyu n'kupuma. Zomanga zonse ankamanga awiri, iye kuluka, iwo kupanikiza ndi kukalipa, ndipo patapita nthawi makutu a mbuzi anayamba kulingana. Misomali ya madoko Malita sanaizule. Anangokhoma wina kumapeto kwa thabwa, pamene a Laston ankatsamira, n'kukolekapo kachitsekerero kaja. Ogulitsa tomato akafunsa kuti lagona kuti lero, ankaloza ndi mlomo.

Chimene ndinkadikira ine n'chakuti bodza la chipatala lija life, poti tsopano mboni zinalipo ziwiri, zamaso. Kwa miyezi ingapo a Laston sanatchule za boti. Munthu akafunsa za dzanja ankasintha nkhani, n'kulibisa pansi pa benchi. Ndiye Loweruka lina, msika utadzaza, mnyamata wina wogula anafunsa ngati n'zoona kuti anagwirako ntchito panyanja. A Laston anatulutsa dzanja lija, kwa nthawi yoyamba pagulu, n'kuloza nalo geti.

"Boti limenelo, achimwene, mutaliika muno, mutu ukhala apo, mchira kuchipatala."

Anthu anayamba kuseka. A Laston analekezera pomwepo. Anatembenukira kwa akazi awo, ndipo m'maso mwawo munali mantha.

"Amake Deliwe, inu munaliona ndi maso anu. Ndikunama?"

Malita anapitiriza kuunjika utaka, osafulumira.

"Mwachepetsa," anatero. "Linkapitirira chipatala. Si choncho, asisi?"

Msika wonse unatembenukira kwa ine, Kulusumu, munthu amene sindinasungepo mawu m'kamwa chibadwire. Ndinayang'ana dzanja lija, likadali m'mwamba. Ndinatola ndasi m'beseni, ndinaliika lonse m'kamwa, n'kugwedeza mutu.